Kuseka Pakati pa Mitembo: Chimene Chikusunga Filimu ya Shaun of the Dead

Mwa zinthu zonse zimene alembi ndi azisudzo amatipatsa, nthabwala ndiyo sichedwa kusasa. Nkhani yomvetsa chisoni imatha zaka 100 ikuliritsabe anthu, koma chimene chinatigwetsa pansi ndi phwete chaka chatha, lero tikachimvanso timangomwetulira poopa kukhumudwitsa wonenayo. Mafilimu oseketsa ambiri amene anatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anafa imfa yotereyi. Ankanyogodola anthu otchuka a masiku amenewo, nyimbo za masiku amenewo ndi mafilimu anzawo a masiku amenewo, ndipo zinthuzo zitaiwalika, nthabwalazo zinatsagana nazo kumanda. N'chifukwa chake n'koyenera kufunsa chimene chikusunga filimu ya ku Britain yotchedwa Shaun of the Dead. Filimuyi inatuluka mu Epulo 2004, koma mu 2024, itakwanitsa zaka 20, eni ake anaibwezeranso m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo anthu analipira ndalama kukaona chinthu chimene ambiri a iwo anali atachionera kale kangapo kunyumba kwawo.

Amene anaitsogolera ndi Edgar Wright, ndipo anailemba mothandizana ndi Simon Pegg, yemwenso akusewera ngati Shaun. Awiriwa, pamodzi ndi Nick Frost amene akusewera ngati Ed, anali atagwirapo kale ntchito limodzi pa sewero la pa wailesi ya kanema ya Channel 4 lotchedwa Spaced, lomwe linaonetsedwa kuyambira mu 1999 mpaka 2001. Ndalama zimene analowetsa pa filimuyi zinali pafupifupi mapaundi 4 miliyoni, zomwe kwa anzathu a ku Hollywood ndi zogulira ndiwo, koma inabweza madola pafupifupi 30 miliyoni. Nkhani yake njosavuta kuitsata. Shaun ndi mnyamata wa zaka 29 wa kumpoto kwa London, wogulitsa mafiliji ndi ma TV m'sitolo ina, amene moyo wake unaima ngati madzi a pachithaphwi. Tsiku lililonse madzulo amapezeka pa bala imodzimodzi yotchedwa Winchester, ali ndi mnzake Ed, lova wokhala m'nyumba ya eni osalipira lendi. Bwenzi lake Liz latopa nazo ndipo likuthetsa chibwenzi. M'mawa mwake, Shaun akadali ndi matsire, akupeza kuti mumzinda monse akufa adzuka ndipo akudya amoyo. Ayenera kukapulumutsa amayi ake, kukatenga Liz, ndi kupeza pobisala. Malo amene akusankha ndi bala yomwe ija imene inamuthetsera chibwenzi.

Tisanapite patali, tiyambe tamvana za chilombo chimene Azungu amachitcha zombi. Mawuwa anafika m'Chingerezi cha mafilimu kudzera ku Haiti, ndipo akatswiri ambiri a ziyankhulo amawalondola mpaka ku ziyankhulo za ku Congo ndi Angola, kumene akapolo ambiri anatengedwa. Kwa anthu a ku Haiti, zombi anali munthu wophedwa m'matsenga kenaka n'kudzutsidwa kuti azigwira ntchito m'munda mwa amene anamuphayo, wopanda nzeru zake, wopanda mawu, wopanda malipiro. Ife sitifunika kutifotokozera zambiri pamenepa popeza dzina lake tili nalo: ndondocha. Filimu ya White Zombie ya mu 1932 inali ya ndondocha zoterezi, zogwira ntchito m'chigayo cha nzimbe. Koma mu 1968 George Romero wa ku America anasintha zonse ndi filimu yake ya Night of the Living Dead. Akufa ake analibe mbuye wowatuma, ankayenda m'chigulugulu, ankadya amoyo, ndipo wolumidwa naye ankasanduka. Mu 1978 anatulutsa Dawn of the Dead, m'mene mitembo imakhamukira ku sitolo zikuluzikulu chifukwa ndiko inazolowera kupita ikadali moyo. Dzina loti Shaun of the Dead analiumba pa dzina limeneli, ndipo maganizo a Romero oti pakati pa wamoyo ndi wakufa pali kampata kochepa ndiwo msanamira ya filimu yonseyi.

Izi zikuoneka filimu ikangoyamba. Pamene mayina a ochita seweroli akulembedwa, tikuona anthu a mu London ali pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku: atsikana owerengera ndalama m'sitolo akusuntha katundu maso ali gwa, anthu odikira basi akutulutsa mafoni m'matumba nthawi imodzi ngati awalamula, anyamata akuyenda mumsewu mitu ikugwedezeka mofanana. Kenaka tikuona mapazi awiri akukwekwereza pansi, tikumva kubuula, ndipo kamera ikakwera tikupeza kuti ndi Shaun akuyasamula podzuka. Palibe amene walumidwa, koma mitembo yoyenda taiona kale. Nthabwala iyi inali yoona mu 2004, pamene foni inali yoimbira ndi kutumizira uthenga basi, ndipo lero yafika pokhwima, poti aliyense amene anakwerapo minibasi yodzaza ndi anthu oweramira m'manja mwawo akhoza kuimva popanda womumasulira.

Malo amene ndimawaona kuti ndiwo mtima wa filimuyi ndi maulendo awiri a Shaun opita ku golosale. Tsiku loyamba kamera ikumutsatira osadula kuchokera pakhomo pake, kuwoloka msewu, kudutsa mnyamata wosewera mpira, munthu wopemphetsa, wina wotsuka galimoto, wina wothamanga, mpaka kukalowa m'golosale ndi kugula chakumwa. Palibe choseketsa chilichonse paulendowu, ndipo woonera koyamba akhoza kudabwa kuti akutitayiranji nthawi. M'mawa mwa tsiku lachiwiri kamera ikuyendanso njira yomweyo, mwa ndondomeko yomweyo. Galimoto ija galasi lake laboola, wothamanga uja akuthawa imfa, zinyalala zili mbwee, wopemphetsa uja akudzandira manja ali kutsogolo ndipo Shaun akumuuza kuti alibe ndalama. M'golosale muja, pachitseko cha filiji pali zidindo za manja a magazi. Shaun akutsegula, akusankha chakumwa, akutseka, akutereraka pa magazi, akusiya ndalama patebulo n'kutuluka, osaona kanthu. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma pano ng'oma yalira usiku wonse, vuto ndi makutu a mwini wake. Chimene chikutiseketsa si magaziwo ayi. Tikuseka chifukwa tikumudziwa munthu ameneyu, munthu amene njira yake anailoweza mpaka analeka kuiona, ndipo pena tikukayika ngati ifeyo tikanachita bwino kumuposa.

Maulendo awiriwa akuulula m'mene filimu yonseyi anaimangira. Pafupifupi chilichonse chimachitika kawiri: koyamba m'dziko la amoyo, kachiwiri m'dziko la akufa, ndipo tanthauzo limatembenuka. Tsiku loyamba anthu akumuuza Shaun kuti ali ndi chofiira pa malaya, akunena inki ya cholembera chimene chadontha m'thumba. Tsiku lachiwiri mawu ndi omwewo koma chofiiracho ndi magazi. Pete, mnzawo wolongosoka amene amakhala naye m'nyumba, akukalipira Ed kuti ngati akufuna kukhala ngati nyama akakhale m'kashedi ka kuseri, ndipo Ed akung'ung'udza kuti akadzamuonanso Pete adzakhala atafa. Zonse ziwiri zikukwaniritsidwa. Kalosera wamkulu ali pa usiku umene chibwenzi chatha, pamene Ed akutonthoza mnzakeyo pomuyalira ndondomeko ya m'mene amwere mowa mawa lake. Akutchula chakumwa chotchedwa Bloody Mary cha m'mawa, kukaluma kanthu ku bala ya King's Head, kukatenga tiwiri ku Little Princess, kubwerera akudzandira, ndi kudzamalizira pa kauntala ndi matoti. Woonera koyamba amangomva chidakwa chikulota mowa. Woonera kachiwiri amazindikira kuti Ed wafotokoza filimu yonse: zombi woyamba amene akumana naye m'mawa ndi mtsikana wotchedwa Mary, bambo womupeza wa Shaun alumidwa, akatenga anthu awiri David ndi Dianne kunyumba kwa Liz, abwerera ku bala akuyerekeza kuyenda ngati mitembo, ndipo mawu a Chingerezi otanthauza matoti ndi omwewonso otanthauza kuwomba mfuti.

Wina atha kunena kuti izi ndi masewera a anthu ofuna kuonetsa kuchenjera, ndipo pang'ono n'zoona. Komatu apa ndi pamene pagona yankho lina la funso lathu. Nthabwala imene mphamvu yake ili pa kudzidzimutsa imagwira ntchito kamodzi, ngati machesi. Nthabwala imene mphamvu yake ili pa kuzindikira imakoma kwambiri ukaibwereza, monga m'mene nthano ya Kalulu imakomera mwana amene akudziwa kale kumene ikupita ndipo akudikira kuti aone Fisi akugwa m'mbuna. Wright ndi Pegg analemba filimu ya anthu odzaonera kachiwiri ndi kachitatu, ndipo inatuluka nthawi imene ma DVD anali pachimake, pamene munthu ankatha kubweza chithunzi ndi kuimika kuti aonetsetse. Anaikamonso timphatso ta okonda mafilimu oopsa. Sitolo imene Shaun amagwirako ntchito ikutchedwa Foree, dzina la Ken Foree amene anasewera mu Dawn of the Dead, ndipo lesitilanti imene waiwala kukasungitsako malo ikutchedwa Fulci, polemekeza Lucio Fulci wa ku Italy. Ubwino wake ndi woti wosadziwa zimenezi sataya kanthu. Nkhani ikuyendabe popanda iye kuzindikira kuti wadutsa pa chinthu.

Chinanso n'choti Wright amaseketsa ndi kamera, pamene anzake ambiri amangoimika kamera n'kusiya azisudzo kuti azibwebweta. Chithunzi choyamba penipeni chikuonetsa Liz akudandaulira Shaun kuti sapeza mpata wokhala awiriwiri. Akutchula Ed, ndipo kamera ikasuntha tikupeza kuti Ed ali pomwepo akusewera pa makina a juga. Shaun akubwezera potchula David ndi Dianne, ndipo tikupeza kuti nawonso akhala pambali pomwepo akumvetsera. Dandaulo la Liz latsimikizika popanda wina kulifotokoza. Shaun akamatsuka mano, kupaka jamu pa buledi kapena kugejemula chimbudzi, zithunzi zikudulidwa mwachangu ndi phokoso ngati za msilikali amene akukonzekera nkhondo. Akamasintha matchanelo a TV, mawu a owerenga nkhani, oimba ndi ofotokoza za mpira akulumikizana kukhala chiganizo chimodzi chomuchenjeza, iye osamva. Akamapanga pulani yopulumukira, tikuiona ikuseweredwa katatu, ulendo uliwonse mofupikirapo, onse akumwetulira, ndipo ulendo womaliza kapu ya tiyi yasanduka tambula ya mowa. Nthabwala za mtundu uwu sizidalira kwambiri chiyankhulo, ndipo n'chifukwa chake filimu yodzaza ndi miyambo ya ku London inatha kuyenda kutali.

Tsopano tifike pa mitembo yeniyeniyo. Alembi a filimuyi anakana kuchita chinthu chimodzi chimene chikanaipha msanga: sanaseke mazombi. Mitembo ya m'filimuyi ikutsata malamulo onse a Romero. Ikuyenda pang'onopang'ono, siyankhula, sivina, ikaluma munthu amafadi, ndipo kuti igwe uyenera kuphwanya mutu. Oseketsa ndi amoyo, amene akupitiriza mikangano yawo ya chibwenzi, nsanje ndi lendi pamene dziko likutha. Chisankho chimenechi chinali chotsutsana ndi nyengo yake. Mu 2002 Danny Boyle anatulutsa 28 Days Later m'mene odwala amathamanga ngati agalu achiwewe, ndipo mu Malichi 2004, masabata ochepa Shaun asanatuluke, Zack Snyder anatulutsa Dawn of the Dead yokonzedwanso, nayonso ya mitembo yothamanga. Pegg sanasinthe maganizo. Mu 2008 analemba m'nyuzipepala ya The Guardian kutsutsa mazombi othamanga, ponena kuti imfa imachotsera munthu mphamvu, simuwonjezera, ndipo kuti choopsa cha zombi ndi chakuti umatha kumuzemba lero ndi mawa koma sasiya kubwera, ngati imfa yeniyeniyo. Romero mwini wake anaikonda filimuyi kotero kuti anaitana Pegg ndi Wright kukasewera ngati mazombi mu Land of the Dead ya mu 2005.

Kuchedwa kwa mitemboku ndiko kukupereka mpata wa nthabwala. Ganizirani za pamene Shaun ndi Ed apeza mazombi awiri kuseri kwa nyumba yawo. Amva pa TV kuti aphwanye mutu, ndiye akuyamba kugenda ndi ziwiya za kukhitchini, kenaka akutulutsa bokosi la mbale za galamafoni za Shaun. Imfa ikubwera, ili pa mtunda wa mapazi owerengeka, koma anyamatawa agwada pa bokosi akukambirana mbale imene ingatayidwe ndi imene singatayidwe. Za Prince zimene Shaun amazikonda zikupulumuka, ya nyimbo za m'filimu ya Batman ikuponyedwa mosazengereza, ya Dire Straits chimodzimodzi, ndipo ya Sade, yomwe ndi ya Liz, Ed akuiponya ponena kuti mwini wake anamukana kale Shaun. Zombi wothamanga sakanalola zokambirana zoterezi. Ndipo tikuphunzira zambiri za Shaun pa mphindi imodzi imeneyi kuposa zimene akanatiuza ndi pakamwa: ndi munthu amene chuma chake chonse ndi unyamata wake, ndipo ngakhale pa imfa akuvutika kuutaya. Zida zimene akumaliza nazo, thabwa lomenyera mpira wa cricket ndi fosholo, ndi za anthu a m'dziko limene mfuti sizipezeka mwachisawawa. Mfuti imodzi yokha imene ili m'manja mwawo m'filimu yonse ndi ija yopachikidwa pakhoma la bala, imene akhala akukangana ngati ndi yeniyeni, ndipo ikapezeka kuti imalira, palibe amene akudziwa kulunjika.

Chifukwa chakuti imfa ya m'filimuyi ndi yeniyeni, filimuyi ikutha kuchita zimene mafilimu oseketsa ambiri amaopa. Philip, bambo womupeza wa Shaun, amene akuseweredwa ndi Bill Nighy, ndi munthu wouma nkhope amene wakhala m'moyo wa Shaun zaka 17, ndipo nthawi zonse wina akamutchula kuti bambo ake, Shaun amafulumira kukana. Pa pulani ija, kupha Philip ndi gawo limene Shaun akulitchula mopepuka ngati kugula mchere. Koma atalumidwa, ali kumpando wakumbuyo kwa galimoto yake ya Jaguar, mkuluyu akuuza Shaun movutikira kuti kulera mwana wa zaka 12 amene bambo ake anamwalira sikunali kophweka, kuti ankamuumira mtima pofuna kuti alimbe, ndipo kuti ankamukonda. Akutsirizika pomwepo. Shaun akulira, ndipo pamene akuuza amayi ake kuti uyo si bambo ake, tsopano akutanthauza kuti anali bambo ake koma salinso. Mawu amene akhala nthabwala kuyambira pachiyambi asanduka maliro. Filimuyi sikutilola kukhala m'misozi nthawi yaitali. Atathawa m'galimoto n'kutsekeramo mtembowo, Shaun akutsimikizira amayi ake kuti mwa munthu amene ankamukonda simunatsale kanthu, ndipo nthawi yomweyo mtembo uja ukutambasula dzanja n'kuzimitsa nyimbo zaphokoso zimene Philip wakhala akudandaula nazo ulendo wonse.

Imfa ya Barbara, mayi a Shaun, ilibe pothawira potero. Penelope Wilton akusewera mayi wa mtundu umene tonse tikuudziwa, amene ngakhale nyumba ikupsa amafunsa ngati mwadya. Walumidwa panjira koma wabisa bala lake ndi kansalu chifukwa sanafune kuvutitsa anthu. Pamene Dianne ankawaphunzitsa kuyenda ngati mitembo, anayamikira Barbara kuti nkhope yake yakhoza kwambiri, pamene mayiyo sankayesera n'komwe. Tinaseka, ndipo poonera kachiwiri kusekako kumatikakamira pakhosi popeza tikudziwa chimene chinali kumudya. Akumwalira m'manja mwa mwana wake atamuthokoza chifukwa cha maluwa amene Shaun anagula, n'kuwapereka kwa Liz molakwika, n'kuwataya m'bini, ndipo mayiyo anawatola. David akuloza mfuti pa mtembowo, anzake akulozana mabotolo oswa pakhosi, ndipo pomaliza Shaun yekha ndiye akuwombera amayi ake. Mphindi zochepa m'mbuyomo anthu omwewa amamenya mwini bala ndi ndodo za pool motsatira kugunda kwa nyimbo ya gulu la Queen imene inalira yokha pa jukubokosi. Otsutsa ena amati kusinthaku n'kwadzidzidzi kwambiri. Ine ndimaona kuti amene anagonapo pa siwa sangadabwe nazo. Usiku wa maliro anthu amalira, kenaka pa moto wa panja adzukulu amaponya nthabwala mpaka ofedwa amene amaseka, ndipo m'bandakucha kulira kumayambiranso. Chimodzi sichichotsa ulemu wa chinzake.

Pa chikondi, filimuyi inkalengezedwa ngati nkhani yoseketsa ya chikondi yokhala ndi mazombi, koma chikondi chimene chalembedwa mozama si cha Shaun ndi Liz. Ndi cha Shaun ndi Ed. Ed ndi mtolo. Sagwira ntchito, amasiya chitseko chosatseka, akugunditsa dala galimoto ya Pete kuti ayendetse Jaguar, akuyankha foni mokweza ali pakati pa mitembo, akuyatsa makina a juga pamene anzake akubisala mwakachetechete. Pete ndi Liz akunena zoona pomuuza Shaun kuti mnzakeyu akumubweza m'mbuyo, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Koma filimuyi ikudziwanso chifukwa chake munthu sataya mnzake wa ku ubwana: ndi yekhayo amene safuna kuti usinthe. Pegg ndi Frost anali mabwenzi enieni amene anakhalapo nyumba imodzi asanatchuke, ndipo zimenezi zikuoneka pa m'mene amalandizirana mawu, monga zinkaonekera kwa Izeki ndi Jakobo kuti awa sanakumane dzulo. Pamene Ed walumidwa ndipo akutsala m'chipinda chapansi cha bala ndi mfuti kuti asachedwetse anzake, akutsanzikana ndi Shaun pobwereza nthabwala yauve ya kuipitsa mpweya imene anachita kumayambiriro. Ndi nthabwala yachibwana zedi, koma pamenepa ikugwira ntchito ya mawu amene amuna awiriwa sangathe kuuzana.

Sikuti zonse zinakalamba bwino. Liz, ngakhale Kate Ashfield akuyesetsa, analembedwa mopyapyala: tikudziwa zimene akufuna kwa Shaun koma za iye mwini sitikudziwa zambiri, ndipo nthawi yambiri ntchito yake ndi kukhala wanzeru pakati pa zitsiru. London wa m'filimuyi ndi wa Azungu okhaokha pafupifupi, pamene mzinda weniweniwo, ngakhale mu 2004, unali wa mitundu yonse. Ena onse ndi a m'golosale kapena a m'gulu la mitembo. Pali pamene Ed akutchula mawu onyoza anthu akuda poyerekeza kuyankhula ngati oimba a ku America. Cholinga chinali kuonetsa uchitsiru wake, koma kwa woonera wakuda mawuwo amaluma ndithu, ndipo filimuyi sikanataya kalikonse akanawachotsa. Asilikali nawo akufika pa nthawi yake yeniyeni ngati kuti alembi anasowa njira ina yotulutsira anthu awo. Komanso zina zimene mu 2004 zinali za tsiku ndi tsiku, monga makina osungira mauthenga a pa foni ya m'nyumba amene akuthandiza kuthetsa chibwenzi, achinyamata a lero angafunike kuwafotokozera. Nyumba imene anajambulirapo kunja kwa Winchester, bala ya Duke of Albany ku New Cross, inatsekedwa kalekale n'kusandutsidwa nyumba zogonamo.

Otsanzira anabwera ambiri. Zombieland ya mu 2009 inapanga ndalama zochuluka kuposa Shaun ndipo ili ndi zake zokoma, koma kumeneko kupha mitembo ndi masewera, ndipo palibe amene akufunika kuwombera mayi wake. Ku Cuba kunatuluka Juan of the Dead mu 2011, imene inatengera dzina n'kulozetsa nthabwala zake pa ndale za kwawo. Wright, Pegg ndi Frost anapitiriza ndi Hot Fuzz mu 2007 ndi The World's End mu 2013. Chimene palibe ankachiyembekezera ndi cha mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utafika ku Britain, pamene Pegg ndi Frost anajambula kakanema kakafupi kobwereza pulani ija, ulendo uno akuuza anthu kuti asapite ku Winchester, akhale kunyumba, amwe tiyi ndi kudikira kuti zithe. Anthu anakamva msanga chifukwa khalidwe la Shaun, lokana kuona choopsa ndi kufuna kubwerera ku bala yake ngati palibe chachitika, linali likuoneka m'misewu yeniyeni.

Mathero a filimuyi amaoneka okoma, koma ndi pamene pali mano. Patatha miyezi 6, dziko labwerera mwakale, ndipo mitembo imene inatsala aipezera ntchito. Ina ikukankha ngolo za katundu pa sitolo zikuluzikulu itamangidwa unyolo, ina ikupikisana pa masewera a pa TV anthu akuiseka, ndipo mayi wina akufotokoza pa pulogalamu kuti amamukondabe mwamuna wake wakufayo. Apa zombi wa Romero wabwerera kumene anachokera. Wasandukanso ndondocha, wantchito wosalipidwa, wosadandaula, wolemeretsa ena, ndipo ntchito zimene akugwira ndi zomwe zija tinaona amoyo akugwira filimu ikuyamba. Palibe m'filimumo amene akuona cholakwika.

Nanga Shaun wasintha? Liz tsopano akukhala naye, nyumba njosesedwa, pali makushoni pa mpando. Koma akamuyalira ndondomeko ya tsiku la Sabata, ndi Liz amene akutchula tiyi, nyuzipepala, chakudya cha masana ku bala, kumwa pang'ono, TV ndi kukagona. Umenewu ndi moyo womwe uja anaukana pachiyambi, kungoti bala yasintha dzina. Wina anganene kuti Liz waphunzira kukonda zinthu zazing'ono ataona imfa. Wina anganene kuti chithaphwi chija chameza munthu wachiwiri. Filimuyi siikusankhira. Shaun akupempha kuti atuluke pang'ono, akupita ku kashedi ka kuseri, ndipo m'menemo muli Ed, wakufa, womangidwa unyolo, atakhala patsogolo pa TV ndi chosewerera magemu m'manja, pamalo pomwe Pete anamulosera. Akufuna kuluma dzanja la Shaun, Shaun akumukalipira, iye akubwerera ku gemu, ndipo awiriwo akuyamba kusewera.